Diso Lamanzere la Mlonda wa Masana

Pamphuno pake pali timaenje tiwiri tofiirira, kamodzi uku kena uku, pamene magalasi akhala akuponda kuyambira ali mwana wa sukulu. Ka kumanzere n'kozamirapo, pakuti galasi la mbali imeneyo ndilo lochindikala kwambiri. Ukaliyang'ana cham'mbali limaoneka ngati pansi pa botolo. Akavula magalasiwo kuti awapukute ndi m'mphepete mwa bulauzi, nkhope yake imasanduka ya munthu wina, wa timaso tating'ono tophethiraphethira ngati wadzutsidwa tulo tisanathe. Savula kawirikawiri pamaso pa anthu.

Kuntchito amamutcha Mlonda. Mwamuna wake, wometa tsitsi amene ali ndi kashopu ka mipando iwiri moyang'anizana ndi pokwerera basi, ndiye anawonjezera mawu otsalawo: Mlonda wa Masana.

"Alonda anzanu amanyamula chibonga ndi tochi," amatero bamboyo akumanga nsapato m'mawa, "koma inu mumalondera nyenyezi dzuwa lili paliwombo. Tsiku lina adzaba imodzi inu muli pompo."

Nthabwalayi inakalamba kalekale, koma mkaziyo amaisekabe, mwina chifukwa cha ulemu.

Chimene amalondera sichioneka ndi maso a munthu. Kutali kosaneneka, kuseri kwa nyenyezi zonse zimene mwana angaloze ndi chala, nyenyezi yaikulu ikatha nkhuni imadzigwera yokha. Kwina mitembo iwiri ya nyenyezi zakufa kale imawombana. Pamenepo pamatuluka kung'anima kwa cheza champhamvu kwambiri, chimene asayansi amachitcha cheza cha gamma. Kung'animako sikukhalitsa. Kwina sikukwana ndi sekondi yomwe, kwina kumatenga mphindi zochepa, kenako zii. Chezacho chimayenda zaka zosawerengeka, n'kudzafika kuno popanda odi, kuchokera mbali iliyonse imene chafuna. Mpweya wokuta dziko lapansi umachimeza chisanafike pamadenga athu. N'chifukwa chake ife sitimva kanthu, ndiponso n'chifukwa chake zida zochigwirira anazikweza m'mwamba, pa setilaiti.

Setilaiti imene mayiyu amaitumikira ili ndi zida khumi zonga zitini za penti, chilichonse choyang'ana kwake, ndipo pa ofesi yawo palibe amene amazitchula dzina lina koma zitini. Cheza cha gamma sichimvera galasi kapena kalilole monga kuwala wamba, chimangopyola. Choncho zitinizo sizijambula chithunzi. Zimangowerenga kuti zamenyedwa kangati. Chitini choyang'ana kumene chezacho chachokera chimamenyedwa kwambiri, cha pambali pang'ono chabe, cha kuseri osamva n'komwe, ndipo kompyuta ikayerekeza zonsezo imajambula banga lalikulu pamapu a thambo, kunena kuti: pena pake m'menemu. Zili ngati anthu a m'zipinda zosiyana za nyumba imodzi akufunsana kumene bingu lagundira. Masetilaiti ena a kutali akanena nthawi imene chezacho chawafikira, bangalo limachepa. Kenako matelesikopu a m'mayiko ambiri amatembenukira komweko kukafuna makala, ndiko kuti kuwala kotsalira, kumene kumazirala ola ndi ola. Wochedwa amapeza phulusa.

Pakati pa zitini ndi matelesikopu pamakhala munthu mmodzi ndi foni, chifukwa zitini zimanamizika. Dzuwa likatsokomola zimalira. Mphezi ya mvula ya pansi pano nthawi zina imaziliza. Ndipo m'mlengalenga muli tizidutswa tosaoneka tongoyendayenda, timene timaboola chitini chimodzi n'kupitirira. Zonsezi pa ofesipo amazitcha phokoso. Foni ikalira, mlonda amakhala ndi mphindi zochepa kuti ayang'ane mizere ya pakompyuta ndi kugamula: ichi n'chenicheni, ili ndi phokoso. Akalakwitsa mbali imodzi, matelesikopu amasiya ntchito zawo kukayang'ana pachabe. Akalakwitsa mbali inayo, imfa ya nyenyezi imapita yopanda mboni. Lamulo loyamba, limene amaphunzitsa munthu asanamusonyeze ndi pokhala pomwe, ndi lakuti chimene chamva chitini chimodzi chokha sichikhulupiriridwa. Mkulu wa ofesiyo, bambo wamtali wa imvi amene anayamba ntchitoyi mizere ikadali yosindikiza papepala, alamu iliyonse amailandira ndi mawu awiri: "Chachiwiri chamva?" Anzake anamutcha a Chachiwiri, ndipo amavomera.

Ulondawu anaugawana maofesi a mbali zosiyana za dziko, kuti aliyense azidikira dzuwa lili kwawo. Pa ofesi ya mayiyu foni imakhala ndi munthu mmodzi sabata yathunthu, Loweruka ndi Lamlungu lomwe, ndipo imasintha manja Lachitatu. Siisiyidwa padesiki kuti wina aitole. Wolandira amatambasula dzanja n'kufunsa kuti, "Kumwamba kuli bwanji?" Wopereka amayankha, ndipo pokhapo ndi pamene amamasula zala. Palibe amene anaulemba mwambo umenewu. Palibenso amene anabwezapo foni sabata yake isanathe: wina anapita nayo ku maliro a apongozi ake, wina anaima nayo paukwati wa mwana wake ili m'thumba la jekete.

Mayiyu anafika pa ntchitoyi ali wamkulu kale. Anaphunzitsa fizikisi ku sekondale zaka zambiri, mpaka choko chinamuumitsa mawu, ndipo ofesiyo itatsegulidwa inafuna anthu odziwa masamu ndi odekha mtima. Kudekhako anatengera bambo ake, wokonza mawotchi amene ankakhala pakhonde la sitolo, kagalasi kali m'diso, akutola tizitsulo tochepa ngati mchenga. Diso loyamba la mkuluyo linazima mwana wakeyu ali ku sekondale. Lachiwiri linatsatira patapita zaka. Matendawo panalibe amene anawatchula dzina. Mwiniwake ankangoti m'diso mukukwera chinsalu chakuda, ndipo ana ankaseka, pakuti chinsalu chimagwa kuchokera pamwamba, sichimera pansi ngati udzu.

Zaka zake zomaliza mkuluyo anakhala m'nyumba ya mwana wakeyu. Wometa uja, mwamuna wa Mlonda, anakhoma misomali m'khoma la kanjira ka m'kati mwa nyumba, n'kumanga chingwe choyanikira zovala kuchokera pakhomo la chipinda mpaka kuchimbudzi. Mlonda amakumbukira kulira kwa chingwecho dzanja likamatsetsereka. Amakumbukira chala cha bambo ake chili m'kapu, chikudikira kuti tiyi achiwotche ndi kunena kuti kapu yadzaza. Amakumbukiranso wotchi yakufa imene mkuluyo ankaimasula ndi kuimanganso pamiyendo, tizitsulo tikugwera pansi pamene sakanatipeza. Atamwalira, chingwe anachichotsa. Misomali inatsala.

Zinayamba tsiku limene Mlonda analandira foni, masana, pamasitepe a ofesi, pamene babu linapsa kalekale ndipo palibe amene analisintha. Akutembenuka pakona, chinthu choyera chinang'anima m'mphepete mwa diso lamanzere, chopindika ngati chikwakwa, n'kuzima. Anaima. Anayang'ana kudenga, anayang'ana kuzenera lodzaza fumbi. Panalibe chowala. Pamenepo anachita zimene munthu wa ntchito yake angachite: anabwereza. Anatsinzina maso onse awiri, anapukusa mutu mwamphamvu, ndipo chikwakwa chija chinang'animanso, malo omwewo, kumanzere kokha. Mtima unagunda kamodzi ngati chitseko chomenyedwa ndi mphepo, kenako nzeru inauyankha. Kuwala kooneka maso ali chitsinzinire sikuchokera kunja. Diso lamanja silinaone kanthu. Chamva chimodzi.

Anakapeza a Chachiwiri pa ketulo, akufinya kathumba ka tiyi ndi supuni.

"Akulu, ndalandira alamu pamasitepe," anatero moseka. "M'diso langa lomwe. Kwang'anima."

"Chachiwiri chamva?"

"Ayi. Lamanzere lokha."

"Ndiye mukundivutitsiranji, Mayi Mlonda? Phokoso limenelo. Pa msinkhu wathuwu zitini zimayamba kulira zokha. Ine m'khutu umu muli nkhululu yanga yanga, chaka chachitatu chino, ndipo sinapemphe ndi malo omwe."

Anaseka onse awiri, kuseka kwa anthu odziwa zinthu.

Kunena zoona, lamulolo silinaname. Linapangidwa kuti liyankhe funso limodzi, lakuti kodi kuwalaku kwachokera kunja, ndipo linayankha molondola: sikunachokere kunja. Funso lina, lakuti nanga chitinicho chikudwala chiyani kuti chizilira chokha, pa ofesi imeneyo silifunsidwa. Thanzi la zitini ndi nkhani ya mainjiniya a dziko lina. Mlonda akagamula kuti phokoso, mlandu watha, amabwerera ku tiyi wake. Zaka zambiri za chizolowezi chimenecho zinawaphunzitsa onse awiri kuti chochokera m'kati si nkhani.

Kung'animako sikunasiye. Kunkabwera akawerama kumanga nsapato, kunkabwera akatembenuka kuyankha moni. Loweruka m'mawa, akuyanika nsalu zofunda pabwalo, foni ili m'thumba la diresi, anaona mwaye ukugwera pansalu yoyera. Anaupukuta ndi dzanja, sunachoke. Anayang'ana kumwamba, ndipo mwayewo unakwera naye: timadontho takuda tambirimbiri ndi kaulusi kamodzi kopotana, tikusambira pang'onopang'ono kutsatira diso. Anatiingitsa ndi dzanja kawiri asanazindikire zimene akuchita.

Mwamuna wake anali pakhonde, akutsuka malumo ndi zipeso m'beseni.

"Amayi, mukumenyana ndi ndani kumeneko? Ntchentche zake ziti? Ine sindikuziona."

"Palibe. Ndi m'diso chabe."

"M'diso chabe." Anaika lumo pansi. "Diso lake liti?"

"Lamanzere. Limang'anima pang'ono. Ndi phokoso, bambo. A Chachiwiri nawonso anatero."

"A Chachiwiri anakhala dokotala wa maso chaka chiti? Aja satha n'kuona kuti tsitsi lawo kumbuyoku lili ngati chisa cha mpheta. Valani, tipite kuchipatala. Shopu sindikatsegula lero."

"Loweruka, tsiku la makasitomala? Ndiponso mukuwadziwa mankhwala aja amadonthezera m'maso akamapima. Tsiku lonse munthu suwerenga ndi chikwangwani chomwe. Foni ikalira, mizere ndidzaiyang'ana ndi chiyani, ndi mphuno?"

"Apatseni anzanu foniyo."

"Siiperekedwa pakati pa sabata."

"Analamula ndani?"

Panalibe amene analamula.

"Ndionetsetse anathetsa nkhosa, amayi," anatero Wometa, ndipo m'mawu ake munalibenso nthabwala. "Ine ndinamangapo kale chingwe m'nyumba muno. Sindifuna kukagula china."

"Musanditchulire zimenezo m'mawa uno!" Anadabwa yekha ndi kukwera kwa mawu ake. Anatola beseni lake la zovala. "Ndikapereka foni Lachitatu, ndipita. Ndanena."

Pano mpofunika kuvomereza kuti lamulo lija silinali lokha. Munthu amene sakuopa, diso likachita zachilendo amapita kukapimitsa, monga amapitira ndi dzino. Mayiyu ankaopa, ndipo mantha a munthu wophunzira sayenda ndi nsanza. Amabwereka jekete la nzeru. Podutsa m'kanjira ka m'nyumba ankayang'ana kumbali kuti asaone misomali. M'basi ankatsinzina diso lamanja mobisa, n'kuwerenga nambala ya galimoto ya kutsogolo ndi lamanzere, ndipo akaiwerenga mtima unkakhala pansi mpaka pamene basi iimenso. Kenako analeka kudziyesako. Anadziuza kuti waleka chifukwa zotsatira zake zinali zofanana nthawi zonse.

Lolemba masana foni inalira ali padesiki pake. Mizere itatuluka pakompyuta, panalibe chofunsa: zitini zoposa theka zinali zitakwera pamodzi, nsonga yakuthwa, ina pambuyo pake, inanso yaitali kuposa zonse. A Chachiwiri anadzaima kumbuyo kwake, kapu ili m'dzanja.

"Mayo ine," anangotero. "Chachikulu ichi. Fulumirani, mayi. Kum'mawa kwada kale, matelesikopu akudikira inu."

Manja ake ankaidziwa ntchito. Anaona kuti dzuwa linali chete tsiku limenelo. Anaona kuti setilaiti sinali pamwamba pa mvula ya mabingu. Banga linatuluka pamapu, laling'ono bwino, ndipo manambala a malo ake analembeka m'munsi mwa galasi la kompyuta. Chatsala chinali kuwatsimikiza ndi kuwatumiza. M'chipindamo munali motentha, ndipo dontho la thukuta linatsikira m'diso lamanja n'kuluma. Anakweza magalasi pang'ono, anatsindika disolo ndi chala, ndipo kwa kamphindi diso lamanzere linatsala lokha.

Mbali ya pansi ya kompyuta kunalibe. Sikuti inkaoneka mwachimbuuzi, kunalibe. Kuchokera pansi, chakumphuno, chinthu chakuda bii chinali chitakwera, m'mphepete mwake mozungulira, chikugwedezeka pang'ono akasuntha diso ngati madzi onyamulidwa m'beseni. Mizere ya pamwamba inkaoneka. Manambala chinali chitawameza. Masiku onsewa diso lamanja linkaphimbira linzake, monga mwana amabisira m'bale wake cholakwa kwa makolo.

Chinsalu chimameradi pansi. Bambo ake aja sankalankhula zaukalamba.

Anatsegula diso lamanja, ndipo chipinda chinabwerera chathunthu, ndi kapu ya a Chachiwiri, ndi fani yozungulira kudenga. Zimenezo ndizo zinamuopsa koposa, kuti dziko lingathe kuoneka lathunthu chotero kwa munthu amene theka la diso lake lapita.  Anawerenga manambala kawiri ndi diso lamanja, anawalemba ndi zala zozizira, anatumiza: chenicheni, chowala kwambiri, malo ake ndi awa. A pa ofesipo amati mu uthenga umenewo munalibe cholakwika ngakhale chimodzi.

"Akulu," anatero osatembenuka, "diso lija. Theka lazima."

A Chachiwiri anatsegula pakamwa. Pa galasi la kompyuta mayiyo anaona chithunzithunzi cha milomo yawo ikukonzekera mawu awo a masiku onse; koma mawuwo sanatuluke. Mkuluyo anaika kapu pamapepala. Anatambasula dzanja.

Mlonda anayang'ana dzanjalo. Foni inali yofunda m'chikhatho chake, ndipo anadziwa kuti nthawi yonse imene akuigwira iye ndi mlonda, koma akangoimasula ndi wodwala.

"Lachitatu ndi mkuja, akulu."

"Kumwamba kuli bwanji, Mayi Mlonda?"

"Kukuyaka."

"Tiona ife. Masulani zala."

Anamasula. A Chachiwiri anaponya foniyo m'thumba la malaya, anatsika naye masitepe amdima aja atamugwira pachigongono, anaimitsa takisi, ndipo asanabwerere ku kompyuta anaimbira Wometa.

Msewu wa kuchipatala unali wothina ndi magalimoto. Takisi ikaima, mayiyo ankaphimba diso lamanja ndi chikhatho n'kuyang'ana msana wa dalaivala. Pochoka pa ofesi chakudacho chinkalekeza paphewa. Podutsa pamsika chinali pakolala. Pofika pageti la chipatala chinali chitakhudza khutu, kapena iye ndiye anaona choncho. Panalibe wachiwiri woti amufunse.

"Mayi, wina wakumenyani?" anafunsa dalaivala, akumuyang'ana pakalilole.

"Ayi, achimwene. Ingoyendetsani."

Wometa anamupeza pabenchi, bamboyo akadali m'chikhoti chake choyera chometera, chipeso chili m'thumba.

"Ndasiya munthu mutu theka," anatero pokhala pansi. "Ndamuuza kuti ndiwo mametedwe atsopano."

Mkaziyo sanaseke. Bamboyo anamugwira pamkono.

Dokotala wa maso anali mayi wamfupi wolankhula mosafulumira. Anadontheza mankhwala aja, anadikira, anavala nyali pamphumi, n'kuyamba kulamula: yang'anani kumwamba, kumanzere, pansi. Anakhalitsa pa diso lamanzere. Atazimitsa nyali anakoka mpando wake pafupi.

"Kumbuyo kwa diso kuli kansalu kopyapyala kamene kamalandira kuwala," anatero. "Mwa anthu a magalasi ochindikala ngati anuwa kamakhala kokokeka. Kanu kanang'ambika chakumwamba. Madzi alowa kuseri, ndipo kakumatuka ngati pepala pakhoma lonyowa. Panopa kafika pakhomo penipeni pa malo amene mumawerengera. Munayamba mwaona kung'anima?"

Mlonda anafotokoza tsiku, malo, maonekedwe a chikwakwa chija, mbali yake, mwaye wa Loweruka, zonse mwadongosolo, osasiyapo kanthu. Dokotala anamuyang'ana nthawi yaitali.

"Mumaonetsetsa zinthu, mayi. Odwala ambiri sanena bwino chotere. Kung'animako kunali kukokeka kwa kansaluko. Mukanabwera nthawi imeneyo, tikanamata pong'ambikapo ndi kuwala, muli chikhalire pampando uwu. Munkadikira chiyani?"

"Linali diso limodzi lokha."

"Nthawi zonse limayamba limodzi," anatero dokotala, mosadzudzula, ngati munthu wonena nthawi ya basi.

Wometa anayang'ana pansi. Akanatha kunena kuti ndinakuuzani. Sananene, ndipo mkazi wake akanakonda akananena.

"Ndidzaona, adokotala?"

"Mawa m'mawa tilowa nanu kuchipinda cha opaleshoni. Kubwezeretsa kansaluko pamalo pake, nthawi zambiri timatha. Koma kakadzuka kadzakumbukira zingati, zimenezo sindingakulonjezeni."

Tsiku lomwelo dokotala anapeza malo ena opyapyala m'diso lamanja, n'kuwamata ndi kuwala kobiriwira kumene kunkagunda ngati nyundo yaing'ono. Mlonda sanafunse chimene chikanachitika akanapanda kuwapeza. Yankho analiona kale likuyenda m'nyumba mwake, dzanja lili pachingwe.

Pa opaleshoni anaika thovu la mpweya m'kati mwa diso kuti litsindike kansaluko mpaka kagwire, ndipo popeza thovu limakwera m'mwamba, anamulamula kugona chafufumimba, nkhope ili pansi, masiku ambiri. Munthu amene ntchito yake inali thambo anakhala akuyang'ana simenti. Anadziwa mng'alu uliwonse wa pansi pa bedi, ndi njira ya nyerere yochokera kuzenera. Wometa anabweretsa kalilole wa m'manja wa kushopu, uja amasonyezera makasitomala kumbuyo kwa mutu, n'kumutsamiritsa pansapato kuti mkazi wake aziona olowa pakhomo.

M'kalilole mmenemo ndi mmene anaonera a Chachiwiri atabwera kudzazonda, ataima pakhomo, ataliatali, chipewa chili m'manja.

"Makala anawapeza, mayi," anatero mkuluyo. "M'kati mwenimweni mwa banga lanu. Kutali zedi. Akuti kuwalako kunanyamuka dziko lathuli lisanaumbike."

"Zikomo, akulu."

Anaimabe, akupotokola chipewa. Wometa anawayang'ana kuyambira kumapazi mpaka kumutu, kenako anakoka mpando.

"Khalani apa, akulu, ndikumeteni ulere. Munthu wopereka malangizo a chipatala azioneka ngati dokotala."

A Chachiwiri anakhala, anawerama. Sizasi inayamba kulira, ndipo Mlonda anaonerera imvi zikugwera pasimenti, pafupi ndi njira ya nyerere, pamaso pa diso lake labwino.

Diso linalo linkangoona chifunga chowala. Dokotala anali atachenjeza kuti zidzatero thovu likadalimo, koma panalibe njira yodziwira ngati chifungacho chinali cha thovu kapena chinali chodzakhala. Mayiyu anazolowera kugamula mlandu m'mphindi zochepa. Uwu unalibe mizere, unalibe lamulo, unali wongodikira. Ataloledwa kudzuka, thovulo ankaliona ngati mpira wakuda wogubuduka m'munsi mwa diso. Linachepa, linafika ngati nyemba, kenako ngati kamutu ka singano, ndipo m'mawa wina linali litapita. Sanatsinzine diso lamanja kuti aone chatsala. Munthu amene pamasitepe paja anabwereza mosazengereza, tsopano ankayenda maso onse ali tong'o, ndipo posamba kumaso ankatsinzina onse awiri pamodzi n'kuwatsegulanso pamodzi.

Tsiku lokapimitsa, dokotala anayang'ana m'kati ndi nyali yake n'kunena kuti kansalu kagwira. Kenako anamukhazika moyang'ana khoma, anamuveka magalasi oyesera, olemera ndi ozizira, anayatsa bolodi la zilembo, n'kutseka diso lamanja ndi kachitsulo kakuda. Wometa anaima pafupi ndi chitseko, manja ali m'matumba.

"Musafulumire, mayi," anatero dokotala. "Mukuona chiyani?"

 Mlonda anayang'ana nthawi yaitali, mutu osaugwedeza.

"Chilembo chachikulu cha pamwambacho ndikuchiona, adokotala, ndi mzere wotsatirawo. N'zopindika ngati zili m'madzi, koma ndikuziona. Zapansizo ayi."